Kulowetsa ana ochokera ku Malawi sukulu ku England: zomwe ndinaona ndi ana anga awiri

Ndikulembera makolo amene angofika kumene ku England ndi ana a msinkhu wa sukulu, komanso amene ali m'kati mokonza zoti ana awatsatire. Ine ndinabwera mu 2022 pa viza ya ntchito yosamalira okalamba, chaka chomwe boma la kuno linatsegula khomo limeneli. Bambo a ana ndi ana athu awiri ananditsatira mu Januwale 2023, ndipo timakhala m'tauni ina ya ku West Yorkshire. Khomo lomwe tinalowera ifelo linatsekedwa: kuyambira pa 11 Malichi 2024 osamalira okalamba ofika kumene saloledwanso kubweretsa mabanja awo, ndipo mu Julayi 2025 kulemba anthu ntchitoyi kuchokera kunja kunaimitsidwa. Koma manesi, madokotala ndi ena a maviza ena akubwerabe ndi ana, ndipo mafunso amene amandifunsa tikatuluka m'tchalitchi ndi omwewo omwewo. Zomwe ndikunena pano ndi za ku England. Ku Scotland sukulu imayenda mwina, mayeso akenso ndi ena.

Wachisamba wanga, mtsikana, anafika ali ndi zaka 15, atakhoza JCE n'kuyamba Fomu 3. Mzime, mnyamata, anali ndi zaka 9, Sitandade 4. Aliyense wobwera kudzationa ankadandaulira wamng'onoyo, poti Chingerezi chake chinali cha moni basi. Za mkuluyo ankati, "Aaa, uyu alibe vuto, Chingerezi amachidziwa." Amene anavutika kwambiri anali mkuluyo, ndipo mawu oti amachidziwawo ndi amene anachedwetsa thandizo.

Kuno mwana salowa kalasi potengera zomwe amadziwa, amalowa potengera tsiku lobadwa. Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, ndipo ana obadwa pakati pa 1 Seputembala ndi 31 Ogasiti wa chaka chotsatira amakhala kalasi imodzi. Kubwereza kalasi, komwe kwathu n'chinthu wamba, kuno sikuchitikachitika. Sekondale imayamba ndi Year 7 mwana ali ndi zaka 11, ndipo mayeso aakulu a GCSE amalembedwa mu Meyi ndi Juni kumapeto kwa Year 11. Silabasi yake imayamba mu Year 10, masukulu ena amaiyamba kale mu Year 9. Mtsikana wanga anagwera mu Year 10 chaka chili pakati. Kunali ngati kuthamangira minibasi yoti yatuluka kale m'depoti, kondakitala akukukodola chitseko chili pululu, koma dalaivala osachepetsa liwiro.

Ngati mwana wanu akufika pa msinkhu wa Year 11, pamenepa ndiye muganize bwino. Kholo likhoza kulemba kalata yopempha kuti mwana alowe kalasi yotsika ndi chaka chimodzi, n'kufotokoza chifukwa chake. Oyang'anira malo a sukuluyo ndiwo amagamula, atamva maganizo a ahedi. Akhoza kuvomera kapena kukana, ndipo akakupatsani malo m'kalasi ya msinkhu wake simungachite apilo pa nkhani ya kalasiyo. Ndaona banja lina litaloledwa, lina litakanidwa. Pemphani basi, kalata siluma.

Malo a sukulu mumapempha kudzera ku khonsolo ya dera lomwe mukukhala, pa fomu yomwe amaitcha in-year admission, ngakhale masukulu ena amalandira okha mafomu awo. Chofunika ndi umboni wa komwe mukukhala ndi tsiku lobadwa la mwana. Sukulu za boma n'zaulere kwa mwana aliyense wokhala kuno, ngakhale pa viza yanu patalembedwa kuti simuloledwa kulandira thandizo la ndalama za boma. Malamulo olandirira ana amene anayamba kugwira ntchito mu 2021 amati muyankhidwe m'kalata pasanathe masiku 15 a sukulu. Akakukanani, kalatayo iyenera kunena chifukwa ndi kukuuzani za ufulu wochita apilo ku gulu loima palokha. Ndiye wina wa mu ofesi akakuuzani pafoni kuti malo adzaza, musakhutire ndi mawu apakamwa. Lembani fomu, akukaneni polemba. Khonsolo iliyonse ilinso ndi dongosolo lotchedwa Fair Access Protocol, lopezera malo ana amene akhala nthawi osapeza sukulu, ndipo kungolitchula mu imelo kumasintha mayankhidwe.

Mnyamata anapeza malo msanga pasukulu ya pulayimale yoyenda wapansi. Mtsikana anakhala pakhomo mpaka holide yaifupi ya mu Febuluwale itadutsa, akuonera kunja pawindo mvula ikugwa. Chifukwa china ndinadzachimva pambuyo pake. Masukulu a sekondale amayezedwa ndi zotsatira za GCSE. Mwana wofika kumene kuchokera kudziko lomwe Chingerezi si chiyankhulo cha boma, sukulu ikhoza kupempha kuti zotsatira zake zisawerengedwe pa mndandanda wa kakhozedwe. Ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe Chingerezi ndi chiyankhulo cha boma, choncho ana athu amawerengedwa ngati wina aliyense wobadwira kuno. Sindikuti ahedi onse amaganiza motero, koma mwana wa zaka 15 wochokera kwathu si mlendo amene sukulu imamuthamangira.

Tsopano nkhani ya fomu yolembetsa mwana pasukulu, yomwe ndimaibwereza kwa aliyense mpaka ena amatopa nane. Pali malo ofunsa chiyankhulo choyamba cha mwana. Amalawi ambiri amalembapo English. Ena amatero ponyadira kuti mwana anaphunzira papulaiveti, ena poopa kuti akalemba Chichewa mwana aonedwa ngati mbuli. Ine amene anandichenjeza ndi mnzanga wa ku Zimbabwe amene tinkagwira naye shifiti ya usiku. Anati, "Amai, lembani chimene mumayankhula mukamakalipira ana." Ndinalemba Chichewa, ndipo chili pa mndandanda wa ziyankhulo wa unduna wa zamaphunziro, pamodzi ndi dzina loti Nyanja. Mwana amene anakula akumva chiyankhulo china pakhomo amalembedwa kuti ndi wa EAL, kutanthauza kuti Chingerezi n'chongowonjezera pa chiyankhulo chake. Si chizindikiro cha kufooka. Mwana mmodzi mwa asanu alionse m'sukulu za boma ku England ali m'gulu limeneli, ena mwa iwo ndi amene amakhala nambala wani. Ndipo pali ndalama: kwa zaka zitatu zoyamba mwana wotere atalowa sukulu za boma kuno, sukulu imawerengeredwa ndalama zowonjezera, pafupifupi mapaundi 600 pachaka kupulayimale ndi zopitirira 1,500 kusekondale. Ndalamazi sizimangiriridwa pa mwana wanuyo, zimalowa m'thumba limodzi la sukulu, poti thumba lapadera lomwe linalipo kale linathetsedwa mu 2011. Komabe mukalemba English, mwadzitsekera nokha pakamwa. Mudzapempha thandizo la chiyankhulo pa chifukwa chanji?

Masabata oyamba sukulu inachita zomwe inaona kuti n'zabwino. Inamupezera mnzake womuperekeza, mtsikana woyankhula Chishona, poganiza kuti poti onse ndi a kum'mwera kwa Africa amvana. Anamvanadi, koma m'Chingerezi, ndipo mpaka lero ndi mabwenzi. Kupitirira apo panalibe china. Mtsikana wanga ankalemba mwaukhondo, homuweki osaphonya, mkalasi phee. Aphunzitsi anangoti zonse zili bwino.

Usiku wina ndikukonzekera kupita kuntchito anandiuza kuti, "Amayi, aphunzitsi akamayankhula ndimamva mawu oyamba ndi omaliza. Zapakatipo zimangodutsa." Ine ndinamumvetsa, chifukwa ndi zomwe zinkandichitikira ndi agogo amene ndimawasamalira. Chingerezi cha ku Yorkshire si chija timamva pa nkhani za pawailesi. Amameza mawu, amathamanga, nthabwala zili m'kati momwemo. Wamkulu ukhoza kunena kuti bwerezani. Mwana wa zaka 15 pakati pa anzake 30 sangakweze dzanja kunena kuti sanamve.

Katswiri wina wa pa yunivesite ya Toronto, Jim Cummins, anaonetsa kalekale kuti mwana wofika m'dziko lachilendo amatola chiyankhulo chochezera m'zaka pafupifupi ziwiri, koma chiyankhulo cha m'mabuku ndi m'mayeso chimatenga zaka 5 mpaka 7. Aphunzitsi ambiri kuno amazidziwa zimenezi, ndipo maso awo amakhala pa mwana woyankhula bwino pabwalo koma wolephera kulemba. Ana athu a sekondale amabwera mozondoka. Chingerezi cha m'buku ali nacho: wanga ankatha kulakatula tanthauzo la osmosis osaphonya liwu, galamala yake inkaposa ya anzake obadwira kuno. Chomwe analibe ndi khutu, komanso kalembedwe kamene mayeso a kuno amafuna. Kwathu aphunzitsi amalemba manotsi pabolodi, ana amakopera, amaloweza, pamayeso amabweza. Ndi njira yomwe imatheka m'kalasi modzaza ana mabuku ali ochepa, ndipo sindiinyoza, inatiphunzitsa tonsefe. Koma pepala la GCSE English Language limakupatsa nkhani yomwe sunaionepo, ina yolembedwa m'zaka za m'ma 1800, n'kukufunsa kuti wolembayu wasankhiranji mawu awa, wakupangitsa kumva bwanji, ukugwirizana naye kapena ayi. Palibe choloweza. Ndipo nkhanizo zimayembekeza kuti ukudziwa kale za chipale chofewa, za holide ya kunyanja yamchere, za ana ogwira ntchito m'mafakitale nthawi ya Mfumukazi Victoria. Mwana wakulira ku Area 25 amawerenga liwu lililonse molondola, koma chithunzi m'mutu osabwera. Ku English Literature kuli sewero la Shakespeare, buku la m'zaka za m'ma 1800 ndi ndakatulo zambirimbiri, ndipo m'chipinda cha mayeso salowa ndi buku.

Ndinalemba imelo yofunsa dzina la mphunzitsi woyang'anira ana a EAL, n'kupempha kuti mwana ayezedwe Chingerezi chake mbali zonse zinayi: kumvetsera, kuyankhula, kuwerenga ndi kulemba. Masukulu ambiri amagwiritsa ntchito muyezo wa bungwe la Bell Foundation, womwe uli ndi magawo asanu, kuyambira A wa mwana wosadziwa chilichonse kufika E wa mwana wodziwa bwinobwino. Palibe lamulo lokakamiza sukulu kuyeza, n'chifukwa chake muyenera kupempha. Wanga powerenga anali patsogolo, koma pomvetsera ndi polemba anapezeka pa C, pakatikati. Pepala limeneli ndi lomwe linasintha zinthu, chifukwa tsopano panali cholozera.

Thandizo lomwe anapatsidwa silinali la mtengo wapatali. Anamusamutsira kutsogolo kuti aziona pakamwa pa aphunzitsi. Aphunzitsi a sayansi ndi a mbiri yakale anayamba kumupatsa mawu ovuta a phunziro la sabata yotsatira kuti awaoneretu kunyumba. Analowa kagulu kakang'ono kophunzira kulemba ndime zoyankha mafunso a mayeso. Chomwe chinathandiza koposa chinali kuchepetsa maphunziro. Ana ambiri kuno amalemba ma GCSE 8 kapena 9. Ife tinagwirizana ndi sukulu kuti asiye Chifalansa, chomwe anzake anayamba mu Year 7, ndi phunziro lina limodzi, nthawiyo ipite ku Chingerezi. Bambo ake poyamba sanakondwe, amati mwana akhala wotsalira. Koma makoleji ambiri amafuna maphunziro asanu okhozedwa ndi giredi 4 kapena kuposa (kuno 9 ndiyo yapamwamba), Chingerezi ndi masamu zili momwemo. Maphunziro 7 okhoza bwino aposa 9 ongokwawa.

Apa ndionjezepo kachinthu kena. Ana a ku Poland, a Chiurdu, a Chiarabu amatha kulemba GCSE ya chiyankhulo chawo n'kupeza giredi yapamwamba mosavuta. Ya Chichewa kulibe, ndipo zimandiwawa. Koma abale a ku Tete ndi ku Angónia amene ana awo anaphunzira m'Chipwitikizi, GCSE ya Chipwitikizi ilipo. Pemphani sukulu imulembetse ngakhale siiphunzitsa.

Nkhani ya masamu ndiye muitchere khutu. Kusekondale ana amagawidwa m'magulu potengera nzeru zomwe aphunzitsi akuona, ndipo mwana wofika pakati pa chaka nthawi zambiri amaponyedwa komwe kuli mpando, komwe kawirikawiri ndi gulu lapansi. Magiredi a GCSE amayambira pa 9, yapamwamba, kutsika mpaka 1, ndipo 4 ndiyo imatengedwa ngati kukhoza. Zimasiyana ndi MSCE komwe 1 ndiye mfumu, ndiye musadzakalipire mwana wabwera ndi 8. Masamu ndi sayansi zili ndi mapepala a mitundu iwiri. La Foundation silipitirira giredi 5 ngakhale mwana atakhoza funso lililonse. La Higher ndilo limafika pa 9. Gulu lapansi limaphunzitsidwa za Foundation zokha. Mtsikana wanga anaikidwa kumeneko, akupatsidwa masamu omwe anachita mu Fomu 1. Sanadandaule, ankangobwera ndi 90 pa 100 ife n'kumasangalala, mpaka mayi wina wa kutchalitchi amene ana ake anakulira kuno anafunsa kuti, "Kodi pepala lake ndi liti?" Titapempha kuti amuyese ndi pepala la Higher, zinaoneka kuti algebra amaidziwa kuposa ambiri, chomwe chinkamugwetsa ndi mafunso a nkhani aja, a ndime yathunthu ya Chingerezi nambala zitabisala m'kati. Anamukweza gulu poyamba Year 11. Mayina a olemba mayeso amatumizidwa cha mu Febuluwale wa chaka cha mayeso, choncho funsani nkhaniyi Khirisimasi isanafike. Safunsa anadya phula.

Pa tsiku lokumana ndi aphunzitsi, mmodzi anandiuza mwaulemu kuti mwana wanga saonetsa chidwi, sawayang'ana m'maso, safunsa mafunso. Ndinaseka chamumtima, chifukwa zimenezo ndi zomwe ndinamuphunzitsa kuyambira ali wakhanda. Kwathu mwana woyang'ana wamkulu m'maso akuyankhula ndi wamwano, wotsutsa aphunzitsi ndiye wosaleredwa. Kuno mwana wokhala chete amaonedwa ngati sakutsatira kapena sakufuna. Ndinawafotokozera aphunzitsiwo, anadabwa, ndipo anasintha: m'malo modikira kuti akweze dzanja, ankamuuziratu funso lomwe adzamufunse kuti akonzekere. Kunyumba tinayamba kumulola kutitsutsa pa nkhani za pa TV tikamadya, kuti azolowere kunena maganizo ake ndi chifukwa chake. Bambo ake zinawavuta kumeza, koma pa mayeso a kuno mwana wopanda maganizo akeake alibe cholemba. Ulemu sunathe ayi. Alendo akabwera amagwadabe popereka madzi.

Mudzamva anthu akunena kuti mwana wofika kumene amapatsidwa nthawi yowonjezera pamayeso. Zilipo, koma malamulo a bungwe la JCQ, lomwe limayang'anira kalembedwe ka mayesowa, ndi othina. Nthawi yowonjezera pamodzi ndi mtanthauziramawu wa ziyankhulo ziwiri ndi ya mwana amene wakhala kuno zaka zosakwana zitatu ndipo anafika asakudziwa Chingerezi n'komwe. Mwana wophunzira m'Chingerezi kuyambira kupulayimale sangalowe m'gulu limenelo. Mtanthauziramawu wokha, wopanda nthawi yowonjezera, amaloledwa pa maphunziro ngati masamu ndi sayansi ngati mwana amaugwiritsa kale ntchito m'kalasi, koma osati pa mapepala a Chingerezi. Wanga anaukana, anati mawu a sayansi m'Chichewa ndi amene angamusokoneze.

Zaulere zomwe zinatithandiza kunyumba ndi izi. Mabungwe a mayeso, AQA, Edexcel ndi OCR, amaika mapepala akale pa intaneti pamodzi ndi kachongedwe kake. Funsani sukulu kuti phunziro lililonse ndi la bungwe liti, chifukwa amasiyana. Kuwerenga kachongedwe kunamutsegula maso mwana wanga kuposa buku lililonse, anaona kuti mamalikisi ali pa kufotokoza chifukwa, osati pa Chingerezi chozama. BBC Bitesize ndi Oak National Academy zili ndi maphunziro a mavidiyo oti mwana akhoza kuimitsa n'kubwereza, zomwe sangachite ndi mphunzitsi wamoyo. Khadi la kulaibulale n'laulere, kuli makompyuta, ndipo m'nyengo yozizira kumafunda kuposa kunyumba. TV tinkaonera mawu akulembedwa m'munsi.

Za mnyamata n'zachidule. Pofika Isitala ankayankhula ngati mwana wa pompano, mpaka ine kumufunsa kuti abwereze. Mu Juni ana a Year 4 amayesedwa matebulo a kuchulukitsa mpaka 12, mafunso 25 pakompyuta, ndipo iye amene anawaimba pansi pa mtengo kwathu anawagonjetsa anzake. Kuwerenga ndiko kunatsalira. Chichewa chimalembedwa momwe chimamvekera, Chingerezi ayi, ndipo anzake anaphunzira kalumikizidwe ka zilembo za Chingerezi ali ndi zaka 5 ndi 6. Aphunzitsi ake anamuika m'kagulu ka phonics, kophunzira kalumikizidwe ka zilemboko, m'mawa uliwonse, ndipo anandiuza mawu omwe sindinawayembekeze kwa mzungu: musasiye kumuyankhula Chichewa. Anati mwana wodziwa kuwerenga m'chiyankhulo chake amasamutsira luso lomwelo ku chiyankhulo chatsopano, ndipo Chingerezi achipeza kusukulu tsiku lonse, pomwe Chichewa alibe kwina kochipeza. Ndaona makolo ena akuletsa Chichewa m'nyumba poti ana azolowere msanga. Zotsatira zake ana amatengera Chingerezi chothyokathyoka cha makolo, chomwe aphunzitsi ayenera kuchiwongolanso, ndipo agogo akaimba pa WhatsApp mdzukulu amangoti hello n'kubweza foni. Wanga Chichewa chake chayamba kupindika lilime, koma akadali kucheza ndi agogo ake aakazi Lamulungu lililonse, ndipo amamuseka mokwanira.

Ziwiri za ndalama. Kuyambira mu Epulo 2022 mabanja osaloledwa thandizo la boma akhoza kupempha chakudya chaulere cha masana kusukulu ngati ndalama zomwe banja limapeza pachaka sizipitirira malire, omwe kunja kwa London anaikidwa pa mapaundi 22,700 kwa banja la mwana mmodzi ndi 26,300 kwa la ana awiri kapena kuposa. Fomu yake ndi yapadera, ndipo ena a mu ofesi saidziwa, muwauze kuti ilipo. Sikusokoneza viza. China ndi kujomba. Kutenga mwana kupita naye kumudzi sukulu ili m'kati popanda chilolezo cha ahedi kumabweretsa chindapusa, chomwe kuyambira mu Ogasiti 2024 ndi mapaundi 80 kholo lililonse pa mwana aliyense, n'kukwera kufika 160 mukachedwa kulipira. Kukagwa maliro lembani kalata musananyamuke, ahedi ali ndi mphamvu zololeza pa zifukwa zapadera.

Zotsatira zinatuluka pa 22 Ogasiti 2024. Masamu anapeza 6, sayansi anakhoza, English Language anapeza 3. Analira tsiku lonse, chifukwa kwathu Chingerezi ndilo linali phunziro lomwe ankanyadira, ndipo anazolowera kuti ukalephera Chingerezi pa MSCE satifiketi palibe. Kuno sizitero, phunziro lililonse limaima palokha. Ku England wachinyamata ayenera kukhala pa maphunziro kapena kuphunzira ntchito mpaka zaka 18, ndipo amene sanafike giredi 4 pa Chingerezi kapena masamu amapitiriza phunzirolo ku koleji kwaulere. Wa giredi 3 amabwereza GCSE, wa 2 kutsika akhoza kuyamba ndi mayeso ena otchedwa Functional Skills. Mwayi wobwereza ulipo mu Novembala, komanso mu Meyi ndi Juni. Koleji inamulandira pa kosi ya sayansi ya zaka ziwiri akubwereza Chingerezi pambali, ndipo anadzapeza 4 yakeyo.

Kwa amene ana awo akufika ali ndi zaka 16, 17 kapena 18, musataye nthawi kugogoda pa masukulu a sekondale, pitani ku koleji ya m'dera lanu. Mwana wotsatira makolo okhala kuno movomerezeka amaphunzira kwaulere ngati sanakwanitse zaka 19 pofika pa 31 Ogasiti wa chaka chomwe akuyamba. Akadutsa pamenepo malamulo a ndalama amasintha n'kukhala ovuta, ndiye chaka chimodzi chongokhala pakhomo kudikira kuti azolowere chikhoza kumudyera mwayi wonse. Makoleji ali ndi makosi a ESOL a achinyamata, ophunzitsa Chingerezi kwa oyankhula ziyankhulo zina, kuyambira Entry 1 kukwera mpaka Level 2, koma mwana wa Fomu 4 asangoponyedwa kumeneko chifukwa cha khungu kapena katchulidwe. Auzeni amuyese kaye, ambiri mwa ana athu malo awo ndi kalasi ya GCSE. Bweretsani satifiketi yeniyeni ya MANEB, osati fotokope, malipoti a sukulu a zaka ziwiri zomaliza, ndi kalata ya ahedi yonena kuti maphunziro ankachitika m'Chingerezi. Bungwe la UK ENIC limapereka, pamalipiro, chikalata chofananitsa satifiketi yakunja ndi za kuno, ndipo makoleji ena amachifuna. MSCE payokha nthawi zambiri silowetsa mwana ku yunivesite ya kuno, amafunika adutse kaye ma A level, maphunziro a zaka ziwiri otsatira GCSE, kapena kosi yofanana nawo.

Chomaliza ndi chomwe chikutisowetsa tulo panopa, ndipo ndi bwino muchidziwe mwana adakali mu Year 10. Sukulu ndi koleji n'zaulere, yunivesite ayi. Kuti mwana alipire fizi ya ana a kuno, yomwe mu 2025 inakwera kufika mapaundi 9,535 pachaka, ndi kuti apeze ngongole ya boma, kawirikawiri amafunika akhale ndi chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale komanso akhale atakhala m'dziko muno zaka zitatu. Mwana wodalira viza ya ntchito ya kholo amawerengedwa ngati wophunzira wakunja, fizi yake ndi yokwera kwambiri, ngongole palibe, ngakhale atakhoza kuposa kalasi yonse. Aphunzitsi olangiza za ntchito ambiri sazidziwa izi, amangomulimbikitsa mwana kulemba mafomu a UCAS, ofunsira malo ku yunivesite, pamodzi ndi anzake. Chilolezocho pa viza ngati yanga chakhala chikupezeka pakatha zaka 5, koma mu Meyi 2025 boma linalengeza maganizo okweza zakazo kufika pa 10, ndiye muziona pa gov.uk ndi ku bungwe la UKCISA, lomwe limafotokoza bwino za magulu a fizi. Ife takhala pansi ndi mtsikana wathu n'kumuuza zoona zake. Akamaliza koleji akufuna kufunsira apprenticeship ya mu labotale, yomwe amaphunzira akulandira malipiro, poti imeneyo chachikulu chomwe imafuna ndi zaka zitatu zokhala kuno ndi chilolezo chogwira ntchito, ndipo iye anafika mu Januwale 2023.